Zolemba za ntchito: wedge ya mapiko pa makina owazira nkhuni za mitengo yolimba

Poyambira: makina ndi mulu wa zipika

Ntchito imene tili nayo ndi yowaza mulu wa zipika za mitengo yolimba kuti zikhale nkhuni zolowa mu sitovu. Zipika zonse zadulidwa pa utali wa 40 cm. Zambiri ndi za oak ndi ash, kenako bulugamu wauwisi, ndipo pali za elm zochepa. Kukula kwake kukuyambira pa 12 cm mpaka kupyola 45 cm. Funso limene tikufuna kuyankha ndi lakuti wedge (chitsulo chosongoka chong'ambira chipika) ya mapiko, kutanthauza mipeni iwiri yogona yotuluka m'mbali mwake, yowaza chipika panayi nthawi imodzi, ingafulumizitse ntchitoyi mpaka pati popanda kuwononga makina.

Makinawo ndi ogona, a hydraulic. Wedge ili kumapeto kwa bimu, chitsulo chachitali pamene chipika chimagona, ndipo siyenda. Silinda imakankha puleti, puletiyo n'kukankhira chipika pa mpeni. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamagwirizana ndi mapiko, chifukwa zibanthu zimadutsa n'kugwera kutsogolo. Pa makina amene wedge ndi imene imayenda, zibanthu zimabwerera nayo limodzi ikamabwerera, choncho mapiko amavutitsa kwambiri kumeneko.

Tisanaveke chilichonse tawerengera mphamvu yeniyeni ya makina, osadalira nambala yolembedwa pambali pake, imene kawirikawiri imakhala yokwera kuposa zimene makina amachitadi. Silinda ndi ya 100 mm m'kati, kutanthauza kuti nkhope ya pisitoni ndi 78.5 cm². Valavu yoteteza imatseguka puresha ya oilo ikafika 200 bar. Kuchulukitsa ziwirizi kukupereka pafupifupi 157 kN, amene ndi matani 16. Silinda ya 125 mm pa puresha yomweyo ikanapereka matani pafupifupi 25. Taikanso geji ya puresha pa paipi yopita kumbuyo kwa silinda. Popanda geji, munthu amangomvera kulira kwa injini n'kumaganizira, pomwe ndi geji amaona ndi maso pamene mtengo wayamba kukana.

Pampu ndi ya magiya awiri. Ntchito ikakhala yopepuka imatulutsa malita 60 pa mphindi, ndipo puleti imayenda pafupifupi 12.7 cm pa sekondi. Puresha ikakwera kufika cha m'ma 50 bar, pampu imasintha yokha n'kutsikira pa malita pafupifupi 15 pa mphindi, liwiro n'kugwa kufika pa 3.2 cm pa sekondi. Pa silinda yathuyi 50 bar ndi matani 4 okha. Nambala imeneyi ndi yofunika kuposa matani 16 aja, chifukwa ndi imene ikunena ngati mapiko apulumutsa nthawi kapena aidya. Ndi mpeni umodzi wopanda mapiko, chipika chabwino chimakana pa masentimita ochepa oyambirira, chikang'aluka puresha imagwa, pampu n'kubwerera pa giya yothamanga. Mapiko akapangidwa molakwika amasunga puresha pamwamba pa 50 bar ulendo wonse, ndipo 40 cm pa giya yochedwa ndi masekondi oposa 12.

Wedge yogula yongoveka pamwamba

Tayamba ndi wedge yogulidwa yopangidwa kale, yamtundu wongoveka pamwamba pa mpeni umene ulipo. Pa ash wowongoka wa 20 mpaka 25 cm yagwira bwino: ulendo umodzi, zibanthu zinayi. Ndi mpeni umodzi chipika chomwecho chimafuna maulendo atatu, umodzi wochigawa pawiri ndi iwiri ya magawowo, ndipo ulendo uliwonse wathunthu wopita ndi kubwerera ndi masekondi pafupifupi 8.5, osawerengera nthawi yotola chibanthu chimene chagwa n'kuchibwezera pa bimu. Kutolako ndi kumene kumatopetsa msana, ndipo phindu lalikulu la mapiko lili pamenepo.

Pa oak ndi bulugamu zinthu zasintha. Mavuto atatu aonekera, ndipo onse akuchokera pa kapangidwe ka chitsulocho, osati kuchepa kwa mphamvu ya makina.

Loyamba ndi lakuti nsonga za mapiko zili pamzere umodzi ndi nsonga ya mpeni woimirira. Chipika chikafika, mipeni yonse imaluma nthawi imodzi. Pa kuwaza kulikonse, mphamvu yaikulu imafunika pa kuyambitsa mng'alu. Mng'alu ukayamba umathamanga wokha kutsogolo kwa mpeni. Mipeni ikaluma pamodzi, makina amayenera kuyambitsa ming'alu iwiri yopingasana pa mphindi imodzimodziyo, ndipo geji yakhala ikugunda 200 bar pa zipika zimene mpeni umodzi ukanazing'amba mosavuta.

Lachiwiri ndi loopsa kwambiri kwa makina. Mapiko anasongoledwa mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi pansi, ngati nkhwangwa. Mbali ya pamwamba ilibe vuto, chifukwa zibanthu za pamwamba zili ndi kothawira. Koma mbali ya pansi imakanikizira zibanthu ziwiri za pansi pa bimu, ndipo bimu sisuntha. Mpata wa pakati pa phiko ndi bimu umacheperachepera chipika chikamalowa, mtengo n'kupanikizika mmenemo. Oak sapindika kapena kufinyika ngati mitengo yofewa, choncho chimene chimagonja ndi chitsulo: wedge imanyamuka mwamphamvu, kapena mapiko amapindikira m'mwamba. Pa yathuyi phiko limodzi lapindika kale, ndipo pa mzere wowotcherera paoneka kamng'alu kopyapyala.

Lachitatu ndi utali wa mapiko kuchokera pa bimu, umene ndi wosasinthika. Chipika cha 25 cm chili ndi mtima wake pa 12.5 cm kuchokera pa bimu. Mapiko akakhala pa 9 cm, zibanthu za pansi zimatuluka zopyapyala, za pamwamba zikuluzikulu zofunika kuwazanso. Komanso mtengo umang'aluka mosavuta mng'alu ukadutsa pa mtima, makamaka oak. Phiko likadutsa pambali pa mtima limadula mitsempha m'malo moitsata.

Tachotsa wedge imeneyi pa makina. Mpeni wake wapakati ndi wabwino, koma mapiko tapanga ena.

Kupanga mapiko atsopano

Chitsulo: puleti ya AR400, chitsulo cholimbitsidwa chosadyeka msanga, yokhuthala 20 mm. Hardox 400 kapena 450 ya kampani ya SSAB ndi ya gulu lomwelo. Chitsulo wamba chofewa chimagwira pa mitengo yofewa, koma pa oak nsonga yake imapindika ndi kubuntha msanga. Phiko lililonse latuluka 12 cm kuchokera pambali pa mpeni wapakati, ndipo kuchoka pa nsonga kufika kumbuyo ndi 10 cm. Sitinafune mapiko aatali kuposa pamenepa. Phiko limagwira mbali imodzi yokha, ndiye likatalika, mphamvu yolipinda pa tsinde imakula, pomwe chipika cha 30 cm mng'alu ukangoyamba chimamaliza chokha masentimita otsalawo.

Nsonga za mapiko tazibweza 5 cm kumbuyo kwa nsonga ya mpeni woimirira. Tsopano chipika chimayamba chang'aluka pawiri, puresha n'kutsika, kenako magawo awiriwo ndi amene amakumana ndi mapiko. Gawo lililonse ndi lofooka kuposa chipika chathunthu, ndipo makina amalimbana ndi ming'alu motsatizana. Pa geji zikuoneka bwino: singano imakwera, n'kugwa, n'kukweranso pang'ono. Kubweza kopyola muyezo kulinso ndi vuto lake. Mpeni wapakati umakula m'lifupi kumbuyo kwake, choncho magawo awiri aja amakhala atatalikirana kale pofika pa mapiko ndipo amatha kupendekeka, phiko n'kuwaluma mokhota. Ndiponso puleti yokankhira imaima 2 cm isanafike pa mpeni, kutanthauza kuti pa mapiko obwezedwa 5 cm, chipika chimatsala ndi 7 cm osadulidwa. Pa ash ndi oak wowongoka zibanthu zimalekana zokha zisanafike pamenepo. Pa mitengo ya ulusi zimatsala zolumikizana, ndipo chimene chimazimaliza ndi chipika chotsatira pozikankha.

Kusongola: pamwamba pokha, pa madigiri pafupifupi 30. Pansi pa phiko tasiya posalala, ndiponso tapendeketsa phiko lonse kuti kumbuyo kwake kukwere 5 mm kuposa kutsogolo, amene ndi madigiri pafupifupi 3 pa 10 cm. Mpata wa pansi tsopano ndi wopapatiza polowera, wotakasuka potulukira. Chibanthu chikangodutsa nsonga chimamasuka. Pa zonse zimene tasintha, ichi ndi chimene chathandiza kwambiri, ndipo ndi chimene wina aliyense wogula wedge ya mapiko ayenera kuyamba kuyang'ana: aike rula pakati pa phiko ndi bimu, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati kumbuyo kuli kochepa kapena kofanana ndi kutsogolo, mitengo yolimba idzakakamira.

Nsonga za kunja kwa mapiko tazibwezeranso kumbuyo pang'ono kuti phiko liyambe kuluma pafupi ndi mpeni wapakati, pamene lili lolimba, kenako mng'alu uzipita kunja.

Kuwotcherera chitsulo cha mtundu uwu kumafuna chisamaliro. Tagwiritsa ntchito ndodo za E7018, zimene zimayenera kukhala zouma. Zikamwa chinyezi zimalowetsa hydrogen mu chitsulo, ndipo mng'alu umatulukira pambuyo pake, nthawi zina patapita maola ambiri. Tsinde la phiko talisongola mbali zonse ziwiri kuti moto ulowe mpaka pakati, tatenthetsa chitsulo pang'ono tisanayambe, ndipo tawotcherera mizere ingapo mosinthanitsa pamwamba ndi pansi kuti phiko lisakokedwere mbali imodzi. Pakati pa mzere ndi mzere tasiya kuti chizizire. Chitsulo cholimbitsidwa choterechi chikatentha kupyola pafupifupi 250°C chimataya kulimba kwake, ndipo zomwezo zimachitika ponola ndi gulainda: nsonga ikasanduka yabuluu, yafewa. Kumbuyo kwa phiko lililonse, pamwamba pake, taika kachitsulo kamakona atatu kochirikiza. Pansi sitinaikepo kanthu, kuopa kutseka njira ya zibanthu.

Mapiko ali pa chikwama chachitsulo chimene chimavekedwa pa mpeni wakale ndipo chimatha kukwera ndi kutsika. Kumbuyo kwake taboola mabowo atatu a pini, oika mapiko pa 10 cm, 12.5 cm ndi 15 cm, olingana ndi zipika za 20, 25 ndi 30 cm. Pini imaletsa chikwama kutsika, koma kukwera tachisiyira mpata wa 2 cm, kenako chimagunda chotchinga. Mpata umenewu ndi chitetezo: chibanthu cha pansi chikakhala ndi chotupa, mapiko amanyamuka pang'ono n'kuchilola kudutsa m'malo mopindika. Chotchingacho ndi chofunika, chifukwa wedge yongoveka yopanda choigwira imatha kuvuka ndi mphamvu chipika chikaphulika. Pa makina akuluakulu ogwira ntchito yamalonda, kukweza ndi kutsitsa kumeneku kumachitika ndi silinda yaing'ono pa handulo yakeyake. Pa ntchito ya kukula ngati yathu pini ikukwanira, bola zipika zikhale zosankhidwa.

Kusankha zipika

Apa ndi pamene ntchito yafulumira zenizeni. Pamene tinkatenga chipika chilichonse chimene chili pafupi, nthawi yambiri imathera pa kusintha pini ndi kuvula wedge. Tsopano mulu timaugawa tisanalize injini.

Zipika zosakwana 15 cm zimapita pa mpeni umodzi. Kuzigawa panayi kumatulutsa timitengo toyatsira moto, osati nkhuni. Zipika zowongoka za 15 mpaka 30 cm, zopanda mfundo zazikulu, ndi za mapiko, ndipo timaziunjika m'magulu atatu molingana ndi mabowo a pini, kuti pini isinthidwe kamodzi pa gulu lonse. Chipika cha 25 cm chimapereka zibanthu zinayi za nkhope za 12.5 cm, zokwanira bwino m'dzanja ndi mu sitovu. Cha 35 cm chimapereka nkhope za 17.5 cm, zimene ndi zazikulu ndipo zimauma mochedwa. Zipika zazikuluzi timayamba tazigawa pawiri ndi mpeni umodzi, kenako theka lililonse timaligoneka nkhope yosalala pansi n'kulidutsitsa pa mapiko otsitsidwa.

Gulu lomaliza ndi la mphanda, mfundo zazikulu, ndi zipika za kutsinde kumene mitsempha imapotana. Izi siziyandikira mapiko. Pa mphanda, mitsempha ya nthambi ziwiri imalukana, ndipo palibe mzere wowongoka umene mng'alu ungatsate. Phiko limangodula mopingasa ndi mphamvu zokha. Mpeni umodzi umatha kuzisenga m'mbalim'mbali, ndipo zimene zakanika timazicheka motsata utali ndi macheka a injini.

Mtundu wa mtengo ukusinthanso malire amenewa. Ash ndi oak wowongoka akudutsa pa mapiko mpaka 30 cm popanda geji kufika pamapeto. Bulugamu ali ndi mitsempha yolukana ndipo amalimba kwambiri akauma, choncho tamuika patsogolo kuti awazidwe akadali muwisi, ndipo malire ake pa mapiko tawaika pa 25 cm. Elm tamuchotseratu pa mapiko. Sang'aluka, amang'ambika ngati mtolo wa zingwe, ndipo ulusi wake umakulunga mapiko mpaka chipika chotsatira kulephera kudutsa. Hickory nayenso amadziwika ndi ulusi wotere, ngakhale mu mulu uno mulibe.

Poika chipika pa bimu timayang'ana ming'alu imene ilipo kale pa nkhope yake. Chipika chikayamba kuuma chimang'aluka kuchokera pa mtima kupita kunja, ndipo mng'alu waukulu timaulunjika pa mpeni woimirira. Kutembenuza chipikako ndi sekondi imodzi, koma kusiyana kwake pa geji ndi kwakukulu. Chipika chodulidwa mopendekeka timachiika nkhope yowongoka ku puleti. Nkhope yopendekeka ikakhala ku puleti, chipika chimatsetsereka n'kudumpha, ndipo ndi mapiko chiopsezochi chimakula chifukwa chokana chimachuluka. Pa nkhope ya puleti tawotcherera timizere totukuka kuti izigwira mtengo.

Bimu, puleti ndi kutentha kwa oilo

Mapiko amakweza malo amene mtengo umakanira. Pakati pa silinda yathu pali 10 cm kuchokera pa bimu. Chipika chachikulu chikakanira pa 20 cm, puleti imakankhidwa pansi ndi silinda pomwe pamwamba ikukanidwa ndi mtengo, ndipo imafuna kugwera chagada. Pa matani 16 ndi kusiyana kwa 10 cm, mphamvu yopotokolayo ndi yofanana ndi katundu wa matani 1.6 wopachikidwa kumapeto kwa ndodo ya mita imodzi. Imene imanyamula zimenezi ndi milomo ya bimu, mbali zake zotulukira kunja, ndi zitsulo zimene zimagwira puleti pansi pa milomoyo. Zikakhwepa, mphamvuyo imapita pa ndodo ya silinda, imene inapangidwira kukankha molunjika basi; zotsatira zake ndi mphira zotsekera oilo zodyeka mbali imodzi, kenako ndodo yopindika.

Tayeza kugwedera kwa puleti ndipo tapeza kuti kunali kochuluka. Taika timapuleti topyapyala pansi pa zogwirira mpaka mpata utatsala pafupifupi 1 mm, tamanganso mabawuti, ndipo bimu timaipaka oilo pang'ono tisanayambe ntchito. Mabawuti amenewa timawayang'ana nthawi iliyonse tikamathira mafuta mu injini. Tayang'ananso milomo ya bimu ndi rula yachitsulo pafupi ndi wedge. Pakadali pano ndi yowongoka.

Phiko limodzi likakumana ndi mfundo pomwe linalo likudutsa mosavuta, wedge yonse imapotokolera mbali imodzi. Pa bimu yooneka ngati chilembo cha H, kupotokola kotere ndi kumene imakukana mofooka kwambiri. Chikangooneka kuti chipika chikukhotera mbali, timabweza handulo.

Za oilo: valavu yoteteza ikatseguka, oilo yense wochokera ku pampu amabwerera mu thanki popanda kugwira ntchito, ndipo mphamvu yonse imasanduka kutentha. Pa 200 bar ndi malita 15 pa mphindi, amenewo ndi 5 kW. Kugwira handulo kwa masekondi angapo chipika chitakakamira, ndi chiyembekezo chakuti chigonja, n'chimodzimodzi kuwiritsa thanki, ndipo mphamvu siwonjezeka ngakhale pang'ono. Lamulo lathu ndi lakuti singano ikaima pa 200 bar ndipo puleti sikuyenda, handulo imabwezedwa nthawi yomweyo. Oilo ndi AW46. Timafuna kuti akhale pakati pa 50 ndi 60°C. Akayandikira 80°C amapyapyala, pampu imataya mphamvu, ndipo mphira zotsekera zimauma. Chiyikireni mapiko atsopano ndi kusankha zipika, thanki sikutenthanso ngati pa wedge yoyamba ija.

Valavu yoteteza sitinaikweze, ndipo sitikulangiza aliyense kutero pofuna kuti mapiko adutse. Mapaipi, pampu, silinda ndi bimu zonse zili ndi malire ake, ndipo injini imazima pampu ikafuna mphamvu yoposa imene ilipo.

Chipika chikakakamira

Zikuchitikabe, ngakhale mwa apo ndi apo. Njira yoyamba ndi kubweza puleti, kuika chipika china chowongoka, chodulidwa bwino, n'kukankha nacho. Kachidutswa kakang'ono kapena chibanthu chopendekeka sichiyenera kugwiritsidwa ntchito pokankhira, chifukwa chimathawa ngati mwala wa legeni. Ngati sichikudutsa, timazimitsa injini, kuyendetsa handulo kutsogolo ndi kumbuyo kuti puresha yotsala ithe, kenako timamenya chipikacho ndi hamala yaikulu kuchokera kumbuyo kwa wedge kuti chibwerere kumene chinachokera. Chikwama cha mapiko chikanyamuka 2 cm ija, nthawi zambiri chipika chimamasuka.

Zala siziyenera kulowa mu mng'alu wa chipika chimene chili pa wedge. Mng'aluwo watseguka chifukwa chitsulo chili m'katimo, ndipo chipika chikasuntha umatsekeka ndi mphamvu yothyola fupa. Poika chipika manja amagwira m'mbali, osati kumapeto, ndipo woika chipika ndi yemweyo wogwira handulo. Ndi mapiko pali malo ena atsopano opanikiza dzanja, pakati pa phiko ndi chibanthu cha pamwamba chimene chimanyamuka, choncho chipika chikangoluma mpeni, dzanja limachoka. Ku Ulaya muyezo wa EN 609-1 umafuna kuti makina otere aziyendetsedwa ndi manja onse awiri pa chifukwa chomwechi. Magalasi oteteza maso ndi nsapato zokhala ndi chitsulo kuzala ndi zofunika kwambiri pano kuposa pa mpeni umodzi, popeza zibanthu zinayi zimagwa nthawi imodzi ndipo oak amatha kuphulika.

Paipi ikaganiziridwa kuti ikudontha, timayesa ndi katoni, osati ndi dzanja. Oilo wotuluka pa kabowo kakang'ono pa 200 bar amaboola khungu, ndipo bala lake looneka laling'onolo limafuna opaleshoni mwamsanga.

Kuyesa kugawa pasanu ndi kamodzi

Tabwereka wedge ya mipeni isanu ndi umodzi, yokhala ndi mpeni woimirira ndi mapiko anayi opendekeka, kuti tione ngati ingathandize pa zipika za 30 mpaka 35 cm. Pa pepala zikuoneka zokopa: zibanthu zisanu ndi chimodzi za kukula koyenera pa ulendo umodzi. Koma malo ong'ambidwa ndi ochuluka katatu kuposa pa mpeni umodzi, pomwe pa mapiko awiri ndi kawiri. Choposa apo, mapiko awiri a pansi amapanga timipata totsekeka pakati pa mpeni, phiko ndi bimu. Zibanthu ziwiri za pansi zilibe kothawira, kumbali kapena m'mwamba, ndipo makungwa ndi tizidutswa zimadzaza timipatato.

Pa ash wowongoka yadutsa, koma ulendo wonse pa giya yochedwa. Pa oak wa 30 cm geji yafika pamapeto. Ndi matani 16, wedge imeneyi si ya mitengo yolimba, ndipo taibweza. Kuti igwire pamafunika silinda yaikulu, pampu yotulutsa oilo wochuluka kuti liwiro lisagwe, injini yolingana nazo, ndi bimu yolemera. Wedge ya mabokosi, imene imadula chipika chachikulu kukhala zibanthu zofanana zamakona anayi, ili ndi vuto lomweli mokulirapo: bokosi lililonse liyenera kutakasuka kumbuyo, mipeni iyenera kutsatizana, ndipo imatulutsa zinyalala zambiri chifukwa imadula mosatsata mtima wa mtengo.

Pamene tafika

Gulu la 15 mpaka 25 cm la bulugamu latha, ndipo la ash latsala pang'ono. Tsopano tili pa oak. Mapiko atsopano sanapindike. Tawayeza ndi rula kuchokera pa bimu, nsonga zonse ziwiri zili pa utali wofanana. Mizere yowotcherera timaipukuta ndi burashi ya waya n'kuiyang'ana pa kuwala tisanayambe ntchito, makamaka pa ngodya ya kutsogolo pamene phiko limakumana ndi chikwama, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Nsonga tazinola ndi tupa. Sizifunika kukhala zakuthwa ngati mpeni wa m'manja, koma nsonga yobuntha imaphwanya mitsempha m'malo moilekanitsa ndipo puresha imakwera.

Vuto limene latsala ndi la kumene zibanthu zimatulukira. Zibanthu zikutuluka mofulumira kuposa mmene munthu mmodzi angazichotsere, zikuunjikana pansi, ndipo muluwo ukafika pa bimu umatchinga zotsatira. Tikupanga tebulo lolandirira la mapaipi achitsulo otalikirana 4 cm, kuti makungwa ndi tizidutswa zizigwera pansi, zibanthu zizitsetsereka kupita kutsogolo. Tebuloli likhala lotsika 1 cm kuposa pamwamba pa bimu kuti zibanthu za pansi zisakodwe pa mlomo wake, ndipo likhala lotambalala mokwanira kuti chibanthu chofunika kuwazanso chikokedwe kubwerera pa bimu popanda kuwerama.

Nkhuni zowazidwa taziunjika pamwamba pa mitengo yoyala pansi, m'mizere yosiya mpata wa mphepo, zofunditsidwa pamwamba pokha. Cholinga ndi chinyezi chosapyola 20 peresenti. Poyeza timawazanso chibanthu n'kubaya mita yoyezera chinyezi pa nkhope yatsopanoyo, chifukwa kunja kumauma msanga pomwe m'kati mudakali madzi. Ash amauma msanga, koma oak amatha kutenga zaka ziwiri, ndiye zibanthu za oak zopyola 15 cm m'lifupi tikuzibwezera pa mpeni umodzi zisanapite pa mulu.

Zotsatira ndi kumaliza tebulo, kuonjezera bowo lachinayi la pini pa 7.5 cm la matheka ogoneka, kusintha fyuluta ya oilo, kenako kuvula mapiko n'kuyamba mulu wa mphanda ndi elm pa mpeni umodzi.